Kakonzedwe ka bajeti ya zithunzi ndi kanema wa ukwati

M'makomiti ambiri a ukwati amene ndakhalamo, nkhani ya wojambula imabwera kumapeto kwenikweni kwa msonkhano, anthu atatopa kale ndi kukambirana za holo, chakudya, keke ndi zokongoletsa, ndipo kawirikawiri wapampando amaitseka ndi mawu akuti pali mnyamata wina wa kumpingo amene ali ndi kamera yabwino, tidzangomupatsa kangachepe. Zotsatira zake zimaoneka patapita miyezi, pamene mkwatibwi akufuna kanema wake koma mnyamata uja sakuyankha foni, kapena pamene kanema wabwera koma malumbiro sakumveka chifukwa kamera inaima kumbuyo kwa tchalitchi, pafupi ndi khomo. Mpunga ndi nkhuku zimatha tsiku lomwelo, maluwa amafota, diresi limabwerera kumene linabwerekedwa, koma zithunzi ndi kanema ndi zimene banja latsopanolo limatsala nazo. N'chifukwa chake ndalama zake ziyenera kuwerengedwa mosamala ngati za holo, ndipo ziyenera kukhala zilipo tsiku la ukwati lisanafike.

Musanafunse mtengo kwa wojambula aliyense, khalani pansi awirinu ndi kulemba miyambo yonse imene mukufuna kuti ijambulidwe, chifukwa ukwati wa kwathu kuno si wa tsiku limodzi. Pamakhala chinkhoswe, pamakhala bridal shower, mabanja ena amachitanso mwambo wotsanzikana ndi mwana wawo wamkazi, kenako n'kufika tsiku lodalitsa ukwati ndi madyerero ake. Kwa wojambula, mwambo uliwonse ndi tsiku la ntchito palokha, ndipo mtengo umene angakuuzeni mukangoti "ukwati" ndi wa tsiku lomalizalo basi. Sikuti mwambo uliwonse umafuna zithunzi ndi kanema pamodzi. Maganizo anga ndi akuti pa bridal shower zithunzi zokha zimakwanira, koma chinkhoswe chimayenera kanema kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa m'pamene ankhoswe amaonekera poyera n'kupatsana tambala ndi msoti, m'pamene mnyamata amafunafuna bwenzi lake pakati pa atsikana ofunditsidwa zitenje, ndipo m'pamene amalume, azakhali ndi agogo amalankhula momasuka m'chinenero chawo. Pa tsiku la ukwati akuluakulu amenewa amangokhala pa mipando yakutsogolo osapatsidwa mpata wolankhula nthawi yaitali, ndipo pakapita zaka, mawu awo a pachinkhoswe ndi amene ana anu adzafune kumva. Ngati mwasankha kuti munthu mmodzi ajambule miyambo iwiri kapena itatu, nenani zimenezi poyamba pomwe, chifukwa ojambula ambiri amatsitsako mtengo akadziwa kuti ntchito si ya tsiku limodzi.

Zimene mukulipira kwenikweni

Anthu ambiri akamva mtengo wa wojambula amadabwa kuti munthu angalipiritse bwanji ndalama zochuluka chotero pa ntchito ya Loweruka limodzi. Kuti mukambirane naye bwino, ndi bwino kudziwa kuti mtengowo umachokera pa zinthu zitatu zikuluzikulu, zomwe ndi maola amene adzakhale nanu, chiwerengero cha anthu amene adzabwere nawo, ndi masiku amene adzathe akukonza zimene wajambula.

Tiyambe ndi maola, chifukwa apa m'pamene mabajeti ambiri amabowokera. Werengani tsiku la ukwati mmene limayendera kunoko. Mkwatibwi amayamba kukonzedwa tsitsi ndi nkhope cha m'ma 6 koloko m'mawa, mwambo wa kutchalitchi umayamba 8 kapena 9 koloko, zithunzi za akwati ndi operekeza zimajambulidwa chakumasana, madyerero amayamba 1 kapena 2 koloko, ndipo perekaniperekani akhoza kufika 5 kapena 6 koloko madzulo. Amenewa ndi maola pafupifupi 12. Wojambula akakuuzani kuti mtengo wake ndi wa maola 8, ndipo inu mukufuna kuti ayambe 6 koloko m'mawa, ndiye kuti nthawi yake idzatha 2 koloko masana, pamene akwati akungolowa kumene mu holo. Kuchokera pamenepo ola lililonse limakhala loonjezera, ndipo mtengo wa ola loonjezera ukamakambidwa pakhomo la holo, nyimbo zikulira, amene amagonja ndi msungichuma. Funsani mtengo umenewu pa tsiku loyamba kukumana, ulembedwe, ndipo muike m'bajeti maola awiri oonjezera ngakhale mukhale ndi chikhulupiriro kuti mwambo wanu udzasunga nthawi. Ukwati umodzi ukachedwa kutuluka m'tchalitchi chimene chikudalitsa maukwati angapo tsiku lomwelo, otsatira onse amachedwa nawo.

Za chiwerengero cha ojambula, mfundo imene sindisuntha nayo ndi yakuti munthu mmodzi sangajambule zithunzi ndi kanema nthawi imodzi n'kuchita bwino zonse ziwiri. Pamene mkwati akuveka mphete, wojambulayo amayenera kusankha chimodzi, ndipo chinacho chimatayika. Choncho chiyambi chenicheni ndi anthu awiri, wa zithunzi ndi wa kanema. Wachitatu amafunika ngati mkwati ndi mkwatibwi akukonzekera m'nyumba zotalikirana, mwachitsanzo wina ku Area 25 wina ku Kawale, ndipo mukufuna kuti mbali zonse ziwiri zijambulidwe m'mawa, kapena ngati mukufuna kanema wa makamera awiri, imodzi yoyang'ana akwati, ina yoyang'ana abusa ndi mpingo. Kamera yachiwiri imakweza mtengo, koma ili ndi ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri, wakuti batire ya kamera imodzi ikatha kapena mlendo akaima kutsogolo kwake ndi foni, inayo imakhala ikujambulabe.

Chachitatu ndi ntchito imene simuiona. Wojambula zithunzi amabwerera kunyumba ndi zithunzi zambirimbiri zimene ayenera kuzisankha chimodzichimodzi, kuchotsa zimene wina watsinzina kapena zosaoneka bwino, n'kukonza kuwala ndi mitundu ya zotsalazo. Wa kanema ntchito yake imaposa pamenepo, chifukwa ayenera kuonera zonse zimene makamera ajambula, kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi, kudula ndi kulumikiza. Ola limodzi la kanema wa 4K, amene ndi wooneka bwino kwambiri, likhoza kudya malo okwana ma GB 45, kotero makamera awiri akajambula maola 6 iliyonse, malo ofunika amaposa ma GB 500, ndipo zonsezi zimafuna kompyuta yamphamvu, mosungira, komanso magetsi odalirika. Mukamva wina akulipiritsa theka la mtengo wa anzake, kawirikawiri ntchito imene waidumpha ndi imeneyi.

Pano pali chisankho chimene chimakhudza mtengo kwambiri, ndipo ndi bwino kuchikambirana ndi makolo a mbali zonse ziwiri. Ojambula a masiku ano amakonda kupereka kanema wamfupi wa mphindi zisanu kapena khumi, wokongola, woyenda ndi nyimbo, woyenera kutumizidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Achinyamata amakhutira naye. Koma makolo akamati kanema wa ukwati amatanthauza wamtali, woonetsa ulaliki wonse, kwaya, malangizo, ndi gulu lililonse la perekaniperekani likuvina kupita kutsogolo, akuchimuna, akuchikazi, amayi a kumpingo, anzake a kuntchito, a kumudzi amene anabwera pa lole. Mayi amene anasoketsa yunifolomu ya chitenje n'kuvina akuponya ndalama zake amafuna kudziona, ndipo akapanda kudzipeza madandaulo amapita kwa mpongozi watsopano, osati kwa wojambula. Funsani momveka ngati mtengo ukuphatikiza makanema onse awiri. Ngati ndalama sizikulola, njira yabwino ndi kulipira kanema wamfupi wokonzedwa bwino, n'kupempha kuti wamtaliyo angolumikizidwa motsatira ndondomeko ya mwambo popanda zokometsera zambiri, chifukwa ntchito yotero simutengera wojambula masiku ochuluka.

Mawu ndi kuwala

Ngati pali malo amodzi amene ndingakulimbikitseni kuti musaumire, ndi pa mawu. Kanema wooneka mwapakatikati koma womveka bwino amaonereka mpaka kumapeto, pamene wooneka bwino kwambiri koma wosamveka anthu amamusiya pakatha mphindi zochepa. Maikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse chimene chili pafupi nayo, kutsokomola, kulira kwa ana, ndi phokoso lobwerera kuchokera m'makoma a tchalitchi kapena a holo ya malata. Wojambula wodziwa ntchito amamangirira kamaikolofoni kakang'ono pa jekete la mkwati kuti malumbiro a onse awiri amveke, ndipo ku holo amalumikiza kachipangizo kojambulira mawu ku makina a DJ kuti zolankhula za wotsogolera mwambo ndi za makolo zilowe mwachindunji. Mufunseni funso losavuta lakuti malumbiro adzawajambula bwanji. Akayankha kuti kamera yake imamva patali, pitani kwa wina.

Kuwala nakonso kuli ndi mtengo wake. Maholo ambiri ndi amdima mkati, makamaka okongoletsa akatchinga mazenera ndi nsalu, ndipo magetsi akazima pakati pa mwambo wojambula amene alibe nyale zake za batire amangotsala ndi mithunzi. Fufuzani ngati holo ili ndi jenereta, ngati mafuta ake ali m'mtengo wa holo kapena ndi anu, ndiponso ngati wojambula amabwera ndi nyale ndi mabatire okwanira tsiku lonse. Panja napo, zithunzi za akwati kwathu kuno zimajambulidwa masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ndi yovuta kwambiri kwa kamera, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa maso amalowa mumthunzi, thukuta limawononga zodzola, ndipo diresi loyera limawala mpaka maluwa ake osaoneka. Malo a mitengo ya mthunzi amathetsa vutoli mosalira ndalama zambiri. Amene akufuna zithunzi za kuwala kofewa kwa madzulo akumbukire kuti mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, kotero ayenera kutuluka mu holo kwa mphindi 20 perekaniperekani asanathe, apo ayi akonze tsiku lina, lomwe ndi ndalama zinanso.

Ndalama zobisika

Mtengo umene wojambula amatchula si ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba mwanu pa nkhani ya zithunzi. Ngati ukwati uli kutali ndi kumene iye amakhala, thiransipoti ndi malo ogona zimakhala zanu. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi mtunda woposa makilomita 300, ndipo gulu la anthu atatu lonyamula zipangizo silingakwere minibasi m'mawa wa tsiku la ukwati n'kufika pa nthawi yake, choncho liyenera kufika dzulo lake n'kugona. Chimodzimodzi ukwati wa kunyanja ku Mangochi kapena ku Senga Bay. Nthawi zina wojambula wa m'dera lomwelo, ngakhale mtengo wake ukhale wokwererapo, amatsika mukawerengera zonsezi. Ngakhale m'tauni momwemo, dziwani ngati ojambula ali ndi galimoto yawo, chifukwa ngati alibe, ayenera kupatsidwa malo m'galimoto imene ikutsogola, osati yomalizira pa mdipiti, kuti akafike kutchalitchi mkwatibwi asanatsike.

Chakudya chawo chiwerengedwe pamodzi ndi cha operekeza akwati, ndipo adye nthawi imene akwati akudya, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene palibe chojambula. Malo ambiri okongola ojambulirako zithunzi, monga minda ya maluwa ndi mabwalo a mahotela, amalipiritsa gulu la ukwati, ndipo ena amafuna kuti mulembetse pasadakhale, choncho wina wa m'komiti apiteko sabata ya ukwati isanafike n'kukatenga lisiti. Kutsukitsa zithunzi, alubamu, ndi mafelemu akuluakulu opachika pabalaza nthawi zambiri sizikhala m'mtengo woyamba. Kumbukirani kuti felemu si imodzi, chifukwa makolo a mkwati ndi a mkwatibwi adzayembekezera yawoyawo, ndipo agogo a kumudzi amene alibe foni yoonetsa zithunzi ukwati wa mdzukulu wawo adzauona pa pepala pokha.

Palinso zokometsera zimene zafala masiku ano, zimene wojambula adzakuonetsani mwachidwi. Droni, kandege kakang'ono konyamula kamera, imajambula bwino tchalitchi, mdipiti wa magalimoto kapena gombe la nyanja kuchokera m'mwamba, koma m'kanema womaliza zimenezi zimatenga masekondi ochepa, siingauluke mu holo kapena kukagwa mvula, ndipo pafupi ndi mabwalo a ndege monga Chileka ndi Kamuzu International Airport saloleza kuiulutsa mwachisawawa. Ngati ukwati wanu wonse uli m'nyumba, ndalama ya droni ipite ku mawu. Zithunzi zojambulitsa ukwati usanachitike, zoika pa makhadi oitanira anthu, zili ndi phindu limodzi lenileni, lakuti mumazolowerana ndi wojambula ndi kuona ntchito yake nthawi yosintha maganizo ikadalipo, koma siziyenera kukhala ulendo wa ku Mulanje kapena ku Zomba ndi zovala zitatu zatsopano. Ola limodzi pamalo apafupi limakwanira.

Kuulutsa mwambo pa intaneti pamene ukuchitika ndi nkhani ina, chifukwa mabanja ambiri ali ndi abale ku Johannesburg, ku Cape Town, ku UK kapena ku Ireland amene athandiza ndi ndalama koma sangathe kubwera. Ntchito imeneyi imafuna munthu wakewake, foni kapena kamera yakeyake, bandulo yokwanira maola onse, ndi kuyesa netiweki pamalopo tsiku lisanafike, makamaka kukhala ndi makhadi a Airtel ndi TNM onse awiri kuti ina ikafooka ina igwire. Musalole kuti wojambula kanema yemweyo ndiye azigwiranso foni youlutsira. Dziwaninso kuti Facebook imatha kutseka mawu a kanema ikazindikira nyimbo za eni ake, ndipo kuyambira mu 2025 imafufuta makanema oulutsidwa motere pakatha masiku 30, choncho kuulutsa sikungalowe m'malo mwa kanema weniweni. Si chamanyazi kuuza abale akunjawo mtengo wa ntchitoyi n'kuwapempha kuti mzere umenewu wa bajeti autenge iwo, poti ndi iwo amene adzapindule nawo.

Kuika chiwerengero

Mitengo ya ojambula imasiyana kwambiri pakati pa mzinda ndi boma, pakati pa wongoyamba kumene ndi wodziwika, ndipo imasintha msanga. Makamera, mabatire, mamemori khadi, ngakhale mapepala ndi inki zotsukira zithunzi zimachokera kunja, kotero kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ntchitoyi inakwera nayo. Pa chifukwa chimenechi mtengo umene mnzanu analipira chaka chatha ungokuthandizani kuyerekeza, koma bajeti yanu imangidwe pa mitengo itatu yolembedwa imene mwafunsa nokha mwezi uno, kwa ojambula atatu osiyana, onse mutawapatsa ndondomeko yofanana ya maola, malo ndi zimene mukufuna kulandira. Mukapanda kuwapatsa ndondomeko yofanana mudzakhala mukuyerekeza zinthu zosiyana.

Pa funso lakuti zithunzi ndi kanema zitenge gawo lanji la bajeti yonse, ine ndimalangiza kwacha 10 mpaka 15 pa kwacha 100 iliyonse, ndipo ukwati ukakhala waung'ono gawoli limakwererapo chifukwa ntchito ya wojambula sichepa ndi kuchepa kwa alendo. Tiyerekeze, pongofuna kuonetsa kawerengedwe, kuti ukwati wonse mwaukonzera K10,000,000 ndipo mwapatula K1,200,000 ya zithunzi ndi kanema. Ndalama imeneyi si imene mukatchule kwa wojambula. Chotsanipo kaye K150,000 ya maola oonjezera ndi zogwa mwadzidzidzi, K150,000 ya alubamu ndi mafelemu, ndi K100,000 ya thiransipoti, chakudya ndi malo ojambulirako. Yotsala ndi K800,000, ndipo imeneyi ndiyo malire anu pokambirana. Amene amapita kwa wojambula ndi K1,200,000 yonse amabwerako atagwirizana K1,200,000, ndipo zina zonse zija zimadzatuluka m'ndalama yoyambira banja.

Ndalamayo ikakhala yosakwana, chepetsani maola ndi zokometsera, osati luso la munthu. Wojambula wabwino wa maola 6, woyambira kutchalitchi mpaka kudula keke, amaposa wosadziwa wa maola 12. Mukhoza kusiya zithunzi za m'mawa kunyumba, mukhoza kuchedwetsa alubamu mpaka mutapeza ndalama miyezi ikubwerayi poti zithunzizo zidzakhala zilipo, ndipo mukhoza kupempha wotsogolera mwambo kuti kudula keke ndi zolankhula za makolo zichitike koyambirira kwa madyerero ojambula asanaweruke. Ngati zafika poti musankhe chimodzi, lembani katswiri wa zithunzi, kenako mupemphe wachibale wodekha kuti aike foni yabwino pa choimikira pafupi ndi kutsogolo, ajambule malumbiro ndi zolankhula osaisuntha. Mukhozanso kufunsa ngati wojambula amatsitsa mtengo pa miyezi ya mvula kapena pa tsiku la mkati mwa sabata, pamene maukwati amachepa.

Kusankha munthu ndi kulemba mgwirizano

Zithunzi zimene wojambula amaika pa Facebook ndi pa Instagram ndi zosankhidwa mwa zabwino zake zonse, ndipo ena amaikapo ngakhale ntchito za anzawo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pemphani kuti akuonetseni ukwati umodzi wathunthu, zithunzi zonse zimene anapereka kwa eni ake ndi kanema wamtali, makamaka wa mu holo yofanana ndi yanu. Yang'anani zithunzi za m'tchalitchi ndi za magulu a achibale, mvetserani malumbiro, ndipo muonetsetse khungu la anthu. Ojambula ena amayeretsa nkhope pokonza zithunzi mpaka mkwatibwi osazindikirika kwa mayi ake omubereka, ndipo ngati simukufuna zimenezi nenani poyambirira. Pemphaninso nambala za mabanja awiri amene anawajambula, muwafunse funso limodzi lofunika kuposa onse, lakuti katundu wawo analandira patapita nthawi yaitali bwanji. Ngati mukukambirana ndi kampani, funsani dzina la munthu amene adzabwere pa tsikulo, chifukwa Loweruka limodzi kampani ikhoza kukhala ndi maukwati atatu, ndipo amene munaona ntchito yake akhoza kutumizidwa kwina.

Zonse mwagwirizana zilembedwe, ngakhale wojambulayo akhale msuweni wanu kapena wa kwaya imodzi ndi inu, ndipo kunena zoona pa wachibale m'pamene kulemba kumafunika kwambiri, chifukwa ndi amene mudzachite naye manyazi kumukumbutsa. Pepala limodzi limakwanira, lokhala ndi tsiku, malo, ola loyambira ndi lomalizira, mayina a ojambula, chiwerengero cha zithunzi zokonzedwa, kutalika kwa makanema, tsiku lodzapereka katundu, mtengo wa ola loonjezera, ndi zimene zidzachitike ukwati ukasunthidwa chifukwa cha maliro kapena matenda, kapena wojambula mwini akadwala. Lembanimonso ngati mukulola kuti zithunzi zanu aziike pa masamba ake otsatsira malonda, ndiponso kuti mtengo mwagwirizanawo sudzasintha dipoziti ikaperekedwa.

Kalipiridwe kabwino ndi ka magawo atatu. Pa chitsanzo chathu cha K800,000, mukhoza kupereka K320,000 posungitsa tsiku, K320,000 ina sabata ya ukwati, ndi K160,000 yomaliza pamene mwalandira zithunzi ndi makanema onse n'kuziona. Gawo lomalizali ndi limene limachititsa kuti foni yanu iziyankhidwa. Lipirani kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo ngati mwapereka ndalama pamanja, pasainidwe. Chimene ndikuchenjezani mwamphamvu ndi chizolowezi chouza wojambula kuti ndalama yake idzachokera m'perekaniperekani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Palibe amene amadziwa kuti m'mbale mudzagwa zingati, ndipo madzulo a tsikulo mwini holo, wokongoletsa, DJ ndi wophika onse amakhala ataima pa tebulo la owerenga ndalama. Ndinaonapo wojambula akukana kupereka kanema kwa chaka chathunthu chifukwa komiti inamulonjeza ndalama za m'mbale zimene sizinakwane, komitiyo n'kutha ukwati utangotha, ngongole n'kutsalira akwati amene sanadziwe n'komwe za lonjezolo.

Sabata ya ukwati isanafike, funsani abusa kapena ansembe malamulo a tchalitchi chawo, chifukwa ena salola wojambula kufika pafupi ndi guwa kapena kuwalitsa nyale pa nthawi ya pemphero, ndipo wojambula akadziwiratu amabwera ndi zipangizo zojambulira patali. Lembani mndandanda wa zithunzi za magulu zimene simukufuna kuti ziphonyedwe, ndipo musankhe munthu mmodzi kuchimuna ndi mmodzi kuchikazi odziwa achibale onse kuti aziwaitana, popeza wojambula sangadziwe kuti mayi wokhala phee pakona ndi amene analera mkwati. Zimenezi sizidya ndalama, koma zimapulumutsa nthawi imene mukulipira. Pa maukwati ambiri pamabweranso ojambula osaitanidwa amene amajambula alendo, kuthamangira kukatsuka, n'kumagulitsa zithunzizo pakhomo la holo. Alendo ambiri amawakonda ndipo sakhudza bajeti yanu, koma komiti iwauze malire kuti asamaime kutsogolo kwa makamera amene mwalipira.

Katundu akabwera, muonereni yense musanapereke ndalama yomaliza, ndipo ngati dzina lalembedwa molakwika kapena gawo lina lasowa, nenani nthawi yomweyo ntchitoyo ikadali pa kompyuta ya wojambula, chifukwa ambiri amafufuta zakale pakapita miyezi kuti apeze malo a ukwati wina. Musalandire zithunzi kudzera pa WhatsApp pokha, popeza imazichepetsa mphamvu pokhapokha zitatumizidwa ngati dokyumenti, ndipo chithunzi chochepetsedwa chimaoneka chosweka chikakulitsidwa kuti chilowe mu felemu. M'bajeti muikemo mafulashi awiri abwino, ndipo kope lachiwiri likasungidwe kunyumba ina, monga kwa makolo. Google Drive imapereka malo aulere okwana ma GB 15, amene angakwane zithunzi zosankhidwa ndi kanema wamfupi, koma wamtali nthawi zambiri sangakwanemo, choncho ameneyo akhale pa mafulashi onse awiri, ndipo kamodzi pa chaka muziwalowetsa pa kompyuta kuti muone ngati akutsegukabe.